Mnyamata Wopereka Abale Ake ndi Mkango Wodzipereka

Mawu a Mulungu owerenga: Marko 10:45, Aroma 5:6-8, 2 Akorinto 2:5-8

 Tili m'nyengo ya Lenti ndipo Lachisanu Loyera layandikira. Chaka ndi chaka pa tsikulo timamva kuti Yesu anatifera ndi kutiombola. Mawu amenewa tinayamba kuwamva tili ana, moti ena a ife satilasanso mumtima. Asanduka ngati njira ya kudimba, imene timaiyenda osayang'ana pansi. Lero tibwereka nthano ya ana ya ku England kuti itithandize kuwamva mwatsopano.

Ife amene tinakalambira pa bolodi ndi choko tikudziwa kuti mwana amafunsa funso limene wamkulu amachita nalo manyazi. Chaka china tinkawerengera ana a Giredi 7 nthano imeneyi, pang'onopang'ono, Lachisanu lililonse masana, uku tikuwamasulira m'Chinyanja. Titafika pamene mkango wamphamvu ukulola kumangidwa ndi kuphedwa, mtsikana wina wokhala kumbuyo anakweza dzanja nati, "Aphunzitsi, nanga mkangowo bwanji sunangoidya mfitiyo, nkhani n'kuthera pomwepo?" Anzake anaseka. Ife tinayankha mothamanga chifukwa belu linali pafupi kulira, koma funsolo tinapita nalo kunyumba ndipo tikali nalo. Ndi funso lomwe munthu angafunse ataima patsinde pa mtanda: ngati Mulungu ali ndi mphamvu zonse, analekeranji kungofafaniza machimo athu popanda kukhetsa mwazi?

Amene analemba nthanoyi

Bukuli dzina lake ndi The Lion, the Witch and the Wardrobe, kunena kuti mkango, mfiti ndi kabati ya zovala. Linatuluka mu 1950, ndipo linali loyamba kusindikizidwa mwa mabuku 7 okamba za dziko longopeka lotchedwa Narnia. Analilemba ndi a C. S. Lewis, amene anabadwira ku Belfast mu 1898 namwalira mu 1963. Anali mphunzitsi pa yunivesite ya Oxford, ndipo pambuyo pake pa yunivesite ya Cambridge. Amayi awo anamwalira iwo ali ndi zaka 9. Atasinkhuka anataya chikhulupiriro, nakhala zaka zambiri akunena kuti kulibe Mulungu. Anamenya nawo nkhondo yoyamba ya dziko lonse ndipo anavulala mu 1918. Anabwerera kwa Khristu mu 1931, nakhala mkhristu wamba wa mpingo wa Anglican mpaka imfa yawo. Sanali wansembe. Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri, kuyambira 1941 mpaka 1944, ankalankhula pa wailesi ya BBC kufotokozera anthu wamba chikhulupiriro chathu, ndipo zimene ankalankhulazo zinasindikizidwa m'mabuku. Tinganene kuti anali mnzathu pa ntchito ino.

Mwina wina akudabwa kuti, "Kodi pa wailesi ya mpingo tayamba kukamba za mfiti ndi matsenga?" Mtima pansi. Agogo athu ankatisimbira za Kalulu ndi Njovu usiku pamoto, ndipo palibe amene ankakhulupirira kuti kalulu amalankhula. Tinkadziwa kuti m'kati mwa nthano muli mwambo. Mneneri Natani pofuna kudzudzula mfumu Davide anayamba ndi kumusimbira za munthu wosauka ndi kamwana ka nkhosa kake. Ambuye Yesu nawonso ankaphunzitsa m'mafanizo. A Lewis anafotokoza kuti ali mwana ankauzidwa kawirikawiri kuti ayenera kumva chisoni ndi masautso a Khristu, ndipo kukakamizidwako kunawaumitsa mtima. Tsono anadzifunsa kuti, kukanakhala dziko lina kumene nyama zimalankhula, dzikolo n'kusowa mpulumutsi, kodi Mwana wa Mulungu akanafikako motani? Yankho lawo ndi mkango wotchedwa Aslan. Dzinali m'chinenero cha ku Turkey limatanthauza mkango.

Mmene Edmund anagwera

Nthano ikuyamba pa nthawi ya nkhondo, pamene ana ambiri a mu London ankatumizidwa kumidzi pothawa mabomba. Izi zinachitikadi, ndipo a Lewis eni ake analandira ana ena otere m'nyumba mwawo. Ana anayi a bere limodzi, Peter, Susan, Edmund ndi Lucy, akupita kukakhala m'nyumba yaikulu ya mphunzitsi wina wokalamba. Lucy, amene ndi chitsiriza, akulowa m'kabati ya zovala ndipo akutulukira m'dziko la Narnia. Dzikolo likulamulidwa ndi mfiti yaikazi yodzitcha mfumukazi. Mfitiyo yachititsa kuti kukhale chisanu choopsa kwa zaka 100, popanda kuphukira kwa mbewu, popanda ngakhale Khirisimasi. Woitsutsa aliyense imamukhudza ndi ndodo yake n'kumusandutsa mwala. Chimene imaopa ndi chimodzi: ulosi wakale unati ana anayi a anthu akadzakhala pa mipando inayi yachifumu, ulamuliro wake udzatha.

Edmund, wachitatu kubadwa, ndi mnyamata wansanje, wokonda kuseka mlongo wake wamng'ono, ndiponso wosungira mkulu wake Peter chakukhosi. Tsiku lina akulowa m'kabati muja motsatira Lucy, ndipo akukumana ndi mfitiyo. Siikumuopseza. Ikumufunditsa chovala chake, ikumupatsa chakumwa chotentha ndi maswiti ofewa otchedwa Turkish Delight, amene ali ndi matsenga oti wowalawa azingofunabe ena. Ikumulonjeza kuti akabwera nawo abale ake idzamuika kukhala mfumu, ndipo maswitiwo adzadya mmene angafunire.

Taonani mtengo umene mnyamatayu anagulitsira abale ake: maswiti ndi lonjezo lokhala pamwamba pa mkulu wake. Tisamuseke. Esau anagulitsa ukulu wake ndi mbale ya mphodza. Yudasi analandira ndalama 30 zasiliva. Pakati pathu pano alipo amene anadana ndi m'bale wawo chifukwa cha thumba limodzi la feteleza kapena mizere iwiri ya m'malire a munda. Uchimo sufika ndi nyanga. Umafika ndi kanthu kokoma m'manja, nthawi imene takwiyira munthu wina.

Edmund atabwerera kunyumba anakana pamaso pa akulu ake kuti anafikako ku Narnia, namusandutsa Lucy wabodza. Pamene onse anayi analowa m'dzikolo, iye anazemba usiku anzake ali pachakudya, nayenda m'chisanu mpaka kunyumba ya mfiti, naiululira kumene abale ake ali ndi kumene akupita. Atapempha maswiti aja anapatsidwa mkate wouma ndi madzi. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mfiti ija inamutenga pa ulendo wosaka abale ake. Panjira inasandutsa miyala tinyama tina timene tinali paphwando, ndipo apa Edmund anafuula kuipempha kuti isatero. Wolemba akutiuza kuti aka kanali koyamba m'nthano yonse kuti mnyamatayu amvere chisoni wina osati iye mwini. Kulapa kumayambira pamenepo, pamene maso achoka pamimba pathu n'kuona zimene tachitira ena.

Koma kulapako sikunamumasule. Anali womangidwa manja, ndipo mfiti itaona kuti chisanu chikusungunuka chifukwa Aslan wafika m'dziko, inamumangirira pamtengo n'kuyamba kunola mpeni. Ankhondo otumidwa ndi Aslan ndiwo anamulanditsa usiku womwewo.

Mlandu suola

Mwina tikanaganiza kuti nkhani yatha: mwana wapulumuka, tiyeni tivine. Koma m'mawa mwake mfiti inafika poyera pa msasa wa Aslan, osati kudzamenya nkhondo koma kudzasuma mlandu. Inakumbutsa za lamulo lakale lolembedwa pa Gome la Mwala, limene linaikidwa dziko la Narnia litangolengedwa. Analiika ndi Mfumu Yaikulu ya kutsidya kwa nyanja, atate ake a Aslan. Lamulolo linkati aliyense wopereka anzake ndi wa mfitiyo, ndipo ili ndi ufulu womupha. Likaphwanyidwa, dziko lonse liwonongeka ndi moto ndi madzi. Nyama ina yaukali inafuna kuti nkhaniyo ithe ndi nkhondo. Susan naye anafunsa ngati palibe njira yolambalala lamulolo. Apa Susan akufanana ndi mtsikana wathu wa Giredi 7 uja. Aslan anakana. Anavomera kuti pa mfundo imeneyi mfitiyo sikunama.

Kuti timvetse, tibwere pabwalo la milandu la kumudzi. Tiyerekeze kuti mnyamata watentha nkhokwe ya mayi wamasiye chifukwa cha mkwiyo, chimanga chonse chapsa. Mlandu wafika kwa anyakwawa, ndipo anyakwawawo ndi malume ake a mnyamatayo. Amamukonda, ndipo mphamvu ali nazo. Angathe kunena kuti, "Ingoiwalani, ndi mwana uyu." Kodi chimenecho tingachitche chifundo? Mayi uja agona ndi njala chaka chonse. Mudzi wonse udziwa kuti pano wokhala ndi malume amphamvu angathe kutentha nkhokwe ya aliyense. Mnyamata mwini aphunzira kuti zimene anachita zinalibe kanthu. Chimanga chapsa ndithu, ndipo wina ayenera kusenza kutayikako. Akapanda kusenza wolakwa, asenza wolakwiridwa. Njira yachitatu ndi imodzi yokha, ndipo makolo athu ankaidziwa: malume, pokhala mwini mbumba, amatsegula khola lawo, natulutsa ng'ombe yawoyawo, nalipira mlandu wa mphwawo. Limenelo ndilo dipo. Chilungamo chachitika, mwana waomboledwa, koma m'khola la malume mwatsala malo.

Kukhululuka kulikonse kuli ndi mtengo wake. Mukakhululukira mnzanu ngongole ya thumba la chimanga, thumbalo silibwera kuchokera kumwamba; mwalitaya ndinu. Aslan akanangoidya mfiti ija, akanaonetsa kuti m'dzikomo wamphamvu ndiye amapambana mlandu, ndipo limeneli ndi lamulo la mfiti yomweyo. Mlandu wa Edmund ukanakhalapobe. Makolo anati mlandu suola. Anatinso chibale ndi fupa, sichiola. Aslan anagwira miyambi iwiri yonseyi nthawi imodzi. Anapita pambali ndi mfitiyo, nakambirana awiriwiri, ndipo pobwera analengeza kuti mfiti yasiya kufuna magazi a mnyamatayo. Onse anasangalala. Palibe anadziwa chimene mkango unalonjeza.

Usiku wa pa Gome la Mwala

Madzulo ake Aslan anali wachisoni, moti Susan ndi Lucy analephera kugona. Pakati pa usiku anamuona akutuluka pa msasa yekhayekha, mutu uli pansi, ndipo anamulondola. Iye anawalola kuyenda naye, nawapempha kuti aike manja awo m'manyenje ake chifukwa anali wosungulumwa. Amene timawerenga za ku Getsemane tikukumbukira kuti Ambuye anapempha ophunzira atatu kuti achezere nawo limodzi. Kudzipereka sikutanthauza kusamva kuwawa. Mkango uwu unkadziwa kumene ukupita ndipo miyendo inali yolemera.

Atayandikira phiri, anauza atsikanawo kuti atsale, abisale. Pa Gome la Mwala panali khamu la zilombo za mfiti, zitanyamula miyuni. Poyamba zinachita mantha, pakuti dzanja lake limodzi likanatha kuzipha. Koma iye sanadziteteze. Zinamumanga zingwe, zinamumeta manyenje, zinamumanga pakamwa, zinamuseka ndi kumulavulira, n'kumukokera pagomepo. Isanamubaye, mfiti inamunyoza kuti wafa pachabe, popeza iye akafa palibe adzailetse kupha mnyamata uja ndi kutenga dziko lonse. Kenaka inamupha, n'kunyamuka ndi gulu lake kupita kunkhondo.

Atsikana awiri aja anatsala ndi mtembo usiku wonse akulira, monga amayi aja anaima chapatali pa Gologota amuna atathawa. Kutatsala pang'ono kucha, mbewa zinabwera n'kudula zingwe zija ndi mano. Dzuwa likutuluka, atsikanawo atatembenuka, anamva chiphokoso chachikulu. Gome la Mwala linali litang'ambika pakati, ndipo mtembo panalibe. Aslan anaima pambuyo pawo wamoyo, manyenje atameranso. Anawafotokozera kuti mfiti inkadziwa lamulo loyambira pa chiyambi cha dziko, koma panali lina lakale koposa, la dziko lisanakhaleko, limene iyo sinkalidziwa. Lamulo limenelo linkati wosalakwa akadzipereka mwa kufuna kwake kufa m'malo mwa wolakwa, gomelo lidzasweka ndipo imfa idzagonja.

Apa ndi pamene pali mtima wa nthanoyi. Chikondi cha Mulungu ndi chakale kuposa mlandu wathu. Mtanda sunali nzeru yopangidwa mwadzidzidzi zinthu zitavuta. Mtumwi Petro, m'kalata yake yoyamba mutu 1, akuti sitinaomboledwe ndi siliva kapena golide koma ndi mwazi wa Khristu, amene anasankhidwiratu dziko lisanalengedwe. Pa Chivumbulutso mutu 5, Yohane akuuzidwa kuti aone Mkango wa fuko la Yuda umene wapambana, koma atayang'ana akuona Mwanawankhosa wooneka ngati wophedwa. Mkango unapambana pokhala mwanawankhosa.

Kupereka ndi kudzipereka

Chinenero chathu chimatithandiza pano. Timati Edmund anapereka abale ake, ndipo timati Aslan anadzipereka. Mawuwa akusiyana ndi kachidutswa kamodzi kokha, koma pakati pawo pali mtunda wa pakati pa Yudasi ndi Yesu. Wopereka amataya moyo wa mnzake kuti iye apindule. Wodzipereka amataya wake kuti mnzake akhale ndi moyo.

M'midzi mwathu mumamveka mphekesera zoti wakutiwakuti anapereka mwana kapena m'bale kuti alemere. Mphekesera zotere zapasula mabanja ndi kuzunzitsa nkhalamba zosalakwa, ndipo mkhristu sayenera kuzifalitsa kapena kuloza munthu chala. Komabe zikusonyeza kuti tonse timadziwa nsembe ya mdima mmene imakhalira: wina afe kuti ine ndikhale bwino. Nsembe ya Khristu ndi yotembenuza zimenezi kotheratu.

Pachifukwa chimenechi tisamale ndi mawu akuti kudzipereka, chifukwa anthu ena amawagwiritsa ntchito molakwika. Mtsikana amene wachotsedwa pasukulu n'kukwatitsidwa kuti banja lipeze ng'ombe kapena libweze ngongole sanadzipereke ayi, waperekedwa. Mayi amene amamenyedwa usiku ndi usiku, ife n'kumamuuza kuti apirire, asenze mtanda wake, tikumupereka ndi manja athu. Aslan sanakankhidwe ndi munthu. Anali wamphamvu kuposa onse, anasankha yekha, ndipo anachita zimenezi pofuna kupulumutsa wofooka. Pa Yohane 10:18 Ambuye akunena momveka kuti palibe amene akuwalanda moyo, akuutaya mwa kufuna kwawo. Nsembe yotsanzira Khristu imachokera kwa wamphamvu kupita kwa wofooka. Yuda, mwana wa Yakobo, anadzipereka kukhala kapolo ku Ejipito m'malo mwa mng'ono wake Benjamini. Paulo analembera Filemoni kuti ngati Onesimo ali ndi ngongole, aiwerengere kwa iye Paulo. Mukaona wamkulu akuuza wamng'ono kuti, "Iwe vutika kuti ine ndipume," dziwani kuti si za Khristu zimenezo.

Tinenenso kuti nthano ili ndi malire ake, monga fanizo lililonse. Tisachoke pano tikuganiza kuti Mulungu anali ndi ngongole kwa Satana, kapena kuti awiriwa ndi ofanana mphamvu. Ngakhale m'nthanomo, lamulo ndi la Mfumu Yaikulu; mfiti yangokhala woneneza ndi wakupha. Tisaganizenso kuti Atate anali okwiya, Mwana n'kumawapepesa. Paulo pa 2 Akorinto 5:19 akuphunzitsa kuti Mulungu mwini anali mwa Khristu pamene ankayanjanitsa dziko ndi iye. Woweruza ndi wolipira ndi mmodzi. Kwa zaka mazana ambiri akhristu afotokoza mtanda m'njira zosiyanasiyana: dipo, nsembe, kugonjetsa imfa, kuchiritsa. A Lewis ankati munthu amakhuta ndi kupeza mphamvu ndi chakudya ngakhale asakudziwa mmene chimagwirira ntchito m'thupi. Agogo amene sadziwa kuwerenga angathe kulandira chiombolo chonse chathunthu.

Mmene anamulandirira

Tsopano tibwerere kwa Edmund, chifukwa apa ndi pamene nthanoyi ikutigwira ife a mumpingo. M'mawa umene analanditsidwa, abale ake anamuona akuyenda ndi Aslan awiriwiri, patali ndi anthu. Wolemba sakutiuza zimene anakambirana, akungoti Edmund sanaziiwale moyo wake wonse. Kenaka Aslan anamubweretsa kwa abale ake, nawauza kuti palibe chifukwa chokambiranso naye zakale. Edmund anagwira chanza aliyense wa iwo ndi kupepesa. Zinathera pomwepo. Dzulo lake, Peter anali atavomera kale pamaso pa Aslan kuti nayenso anali ndi mbali yake, popeza ukali wake unathandiza kukankhira mng'ono wake kutali.

Onani dongosolo lake. Edmund analandiridwa asanachite chilichonse chosonyeza kuti wasintha. Ndi zomwe Paulo akunena pa Aroma 5: Khristu anatifera tikali ochimwa. Ndipo pamene mfiti inafika n'kumutchula poyera kuti ndi wopereka abale ake, mnyamatayo sanadziteteze kapena kuthawa. Anangoyang'anitsitsa Aslan. Inu amene mumanenezedwa ndi mtima wanu usiku chifukwa cha zimene munalapa kalekale, phunzirani kwa mwanayu kumene muyenera kuika maso.

Chiombolo sichinathere pa kukhululukidwa. Aslan atauka anathamangira kunyumba ya mfiti, nauzira mpweya wake pa onse amene anasandutsidwa miyala, ndipo anakhalanso amoyo. Nthawi yomweyo nkhondo inali itakula, mfiti ikusandutsa miyala ankhondo a Peter mmodzimmodzi. Amene anaona chochita ndi Edmund. Anadutsa pakati pa adani, ndipo m'malo molimbana ndi mfitiyo anathyola ndodo yake ndi lupanga. Anavulala mpaka kutsala pang'ono kufa, koma anzake anapulumuka kufikira Aslan anafika ndi kuthetsa nkhondoyo. Mnyamata amene anapereka abale ake chifukwa cha maswiti tsopano akudzipereka chifukwa cha iwo. Atakula anatchedwa Edmund Wachilungamo, wodziwa kuweruza milandu. M'mabuku otsatira timamuona akupempherera chifundo mdani wogwidwa, ndiponso akutonthoza msuweni wake wolakwa pomuuza kuti iye mwini anachitapo zoipa zoposa. Wokhululukidwa ndiye amadziwa kuweruza mwachifundo.

Nanga ife timatani ndi a Edmund athu? Alipo msungichuma amene anadya ndalama za malata a tchalitchi, analapa, ndipo wakhala akubweza pang'onopang'ono. Alipo mtsikana amene anatenga pathupi n'kuchoka m'kwaya. Alipo mnyamata amene anagulitsa ng'ombe za makolo, nathawira ku Lusaka, nabwera chimanjamanja. Alipo bambo amene watuluka kundende. Pakamwa timati tawakhululukira. Koma papita zaka zisanu tikumawatchulabe ndi dzina la tchimo lawo. Akakhala pa benchi timasendera. Akadzuka kuti alankhule pamsonkhano timatsinana. Pamaliro ndi paukwati nkhani yawo ndiyo ndiwo. Tasanduka ngati mkulu wake wa mwana wolowerera, woima panja phwando lili m'kati. Choopsa kwambiri n'chakuti tikatero tikugwira ntchito imene m'nthanomo inali ya mfiti: kukumbutsa mlandu umene wina analipira kale ndi mwazi.

Sitikunena kuti wakuba apatsidwe makiyi a bokosi la chopereka tsiku lomwelo, kapena kuti wozunza ana asakatulidwe ku boma. Zakeyu atalandira Ambuye anabweza zimene analanda, ndipo nzeru zosamalira nkhosa n'zofunika. Koma kusamala ndi kwina, kusunga munthu m'ndende ya manyazi moyo wake wonse ndi kwinanso. Akhristu a ku Korinto analanga munthu wina amene analakwa, ndipo Paulo anawalembera kuti chilangocho chakwana, tsopano amukhululukire, amutonthoze ndi kumutsimikizira chikondi chawo, kuopa kuti angamizidwe ndi chisoni. Petro anakana Ambuye katatu, ndipo Ambuye atauka anamudyetsa nsomba m'mbali mwa nyanja, namupatsa nkhosa zawo kuti aziwete.

Nkhondo itatha, Lucy ananong'oneza Susan kumufunsa ngati Edmund akudziwa zimene Aslan anamuchitira. Susan anaona kuti kumuuza kungamupweteke kwambiri, Lucy anaona kuti ayenera kudziwa. Anawadula mawu asanagwirizane. Ife tilibe pobisala, chifukwa tinauzidwa. Nthawi iliyonse imene tigwada paguwa ndi kutambasula manja kulandira Mgonero Woyera, timauzidwanso mtengo umene tinagulidwa nawo. Ndipo amene wagwada pambali pathu, yemwe uja timamunena, akulandira mkate womwewo ndi chikho chomwecho.

Tikanakumananso ndi mtsikana wa Giredi 7 uja, amene tsopano ayenera kuti ndi mayi wa ana ake, tikanamuyankha kuti: mkango unali ndi mphamvu yoidya mfiti, koma sunabwerere kudzaonetsa mano. Unabwerera Edmund. Kuti umutenge akhale wake mwachilungamo, popanda wina wodzamunenezanso, unayenera kusenza mlandu wake.

Lachisanu Loyera lisanafike, aliyense wa ife achite zinthu ziwiri. Choyamba, tidzifunse kuti maswiti athu ndi ati, ndipo tapereka yani kuti tiwapeze. Ngati alipo, tipite tikagwire chanza ndi kupepesa, ndipo chobwezeka tibweze. Chachiwiri, tikumbukire munthu mmodzi amene analapa koma tikumusungirabe mlandu. Tikamuchezere, tidye naye nsima, ndipo Lamulungu tikhale naye benchi limodzi.

Tiyeni tipemphere.

Ambuye Yesu Khristu, inu amene simunakakamizidwe ndi munthu koma munadzipereka nokha chifukwa cha ife, tikuvomera kuti tapereka abale athu chifukwa cha zinthu zazing'ono. Tikuthokozani kuti munasenza mlandu wathu tisanadziwe n'komwe kukula kwake. Woneneza akatikumbutsa zakale, tithandizeni kuyang'ana kwa inu. Tiletseni kukhala oneneza a anzathu amene munawaombola. Tetezani ofooka amene akuperekedwa ndi amphamvu m'mabanja ndi m'midzi mwathu, ndipo mutipatse mtima wotsegula khola lathu chifukwa cha ena. Uzirani mpweya wanu pa mitima yathu imene yasanduka miyala, kuti tifike pa Pasaka tili amoyo pamodzi ndi inu. Amen.